Mpeni wa geni usagulidwe ndi maso okha

Aliyense amene analawirirapo ku msika wa Limbe kapena wa Ndirande amalidziwa phokoso lake. Mabenchi asanadzaze katundu, makasitomala asanayambe kufika, kumamveka mipeni ikukhwekhwerezedwa pa simenti. Wa nsomba akunola, mayi wa kabichi akunola, mnyamata wa pachiwaya naye wanyonyomala pakhonde la sitolo ya eni ake. Ikamakwana 10 koloko ena mwa iwo amakhala atabwerera kale pa simenti paja kachiwiri. Mpeni wofuna kunoledwa katatu dzuwa lisanafike paliwombo unalakwika tsiku lomwe unagulidwa.

Chodabwitsa n'chakuti wamalonda wa pamsika ndi munthu wosamala zedi pogula. Popikula tomato ku Lizulu amafukula dengu kuti aone za pansi. Pogula mbuzi amaigwira msana, kuiyang'ana mano, kuiyendetsa. Koma munthu yemweyo akafuna mpeni amangoimitsa mnyamata woyenda ndi katundu m'manja, n'kutola wonyezimira kwambiri pa yotchipayo, osauyesa n'komwe. Chida chomwe chizikhala m'dzanja lake kuyambira m'mawa mpaka madzulo chimagulidwa mofulumira kuposa mulu wa anyezi.

Mpeni woyenera pa geni ndi wosapinda, wa chitsulo chimodzi chochokera kunsonga kukafika kumapeto kwa chigwiriro, wa mtengo wapakati. Ndalama yotsala igule mwala wonolera. Wotchipitsitsa umadya mpamba mwakachetechete, pomwe wodulitsitsa ndi wa m'khitchini ya hotela, osati wa pa benchi pomwe pamadutsa anthu mazanamazana pa tsiku.

Kuluza kobwera ndi mpeni woipa sikuoneka tsiku limodzi, n'chifukwa chake ambiri sakuwerengera. Wokazinga tchipisi akamasenda mbatatesi ndi mpeni wobuntha, makoko amachoka ndi mnofu wambiri. Kungoyerekeza kuti zotayika mwa njira imeneyi zikukwana mbale imodzi yokha pa tsiku, ndiye kuti pa mwezi wa masiku 26 ogulitsa, mbale 26 zapita kudzala. Mbatatesi imeneyo inagulidwa ndi ndalama, n'kukwezedwa galimoto kuchokera ku Dedza kapena ku Tsangano ndi ndalamanso. Wa nyama akamacheka ndi mpeni wosadula, mnofu umatsalira pa fupa ndi pa chikopa, nthuli zake n'kumaoneka ngati zakhadzulidwa ndi galu. Kabichi amaphwanyika m'malo modulika, amatuluka madzi ndipo amafota msanga. Kasitomala sadandaula, amangosunthira pa benchi ina.

Palinso nkhani ya zala. Mpeni wobuntha umafuna mphamvu, ndipo munthu akaukankha ndi mphamvu umaterereka. Bala la pachala kwa munthu wogwira nsomba kapena nyama ndi masiku angapo osatsegula geni, komanso palibe kasitomala amene amasangalala kupatsidwa chakudya ndi dzanja lokulunga nsanza.

Kugula mpeni wotchipa mobwerezabwereza kunali kopiririka kale, pano ayi. Mipeni yambiri ya m'masitolo imachokera kunja ndipo mtengo wake umatsata ndalama zakunja. Kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, kenako ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Amene amagula mpeni watsopano miyezi iwiri iliyonse amakumana ndi mtengo watsopano ulendo uliwonse. Amene anagula wolimba kamodzi analipira pa mtengo wakale, ndipo mpaka lero akudulabe.

Ena amakonda mpeni wopinda chifukwa umalowa m'thumba. Okapi, womwe unayambira ku Germany mu 1902 ndipo masiku ano umapangidwa ku South Africa, ndi wodziwika m'chigawo chino chonse, ndipo ambiri obwera kuchokera ku Joni sausiya. Ndi mpeni wabwino wodulira chingwe, kutsegulira thumba kapena kusendera nzimbe paulendo. Pa benchi ndi nkhani ina. Pamalo popindira mumalowa magazi, mamba ndi mafuta zomwe madzi safikako. Popindirapo pamayambanso kugwedera pakapita nthawi, ndipo mpeni wopindika wokha uli pa ntchito umatsekera pa zala za mwini wake. Wosapinda ulibe choti chigwedere kupatula chigwiriro.

Ku chigwiriro n'komwe mipeni yambiri yotchipa imafera, chitsulo chikadali chabwinobwino. Opanga ena, pofuna kusunga chitsulo, amangosiya kamchira kakafupi komwe amakalowetsa mu pulasitiki ali wotentha. Kunja mpeni umaoneka wamphumphu. Ukakumana ndi dzungu lokhwima kapena mutu wa kampango, kamchira kaja kamasomphoka, mwini wake n'kutsala ndi pulasitiki m'manja. Apa mpamene pamayambira mipeni yomangidwa ndi malegeni ndi waya yomwe yadzaza m'misika.

Kuzindikira zimenezi sikufuna sukulu. Wogula autembenuze mpeni n'kuyang'ana kumsana kwa chigwiriro. Pa mpeni wolimba chitsulo chimaoneka chitapanikizidwa pakati pa timatabwa tiwiri kapena mapulasitiki awiri mpaka kumapeto, ndipo pamakhala misomali iwiri kapena itatu yoboola mbali zonse. Misomaliyo nayonso iyang'aniridwe, chifukwa ina ndi yokongoletsera chabe, timabatani tonamatidwa pamwamba. Ngati chitsulo chabisika mkati mwa pulasitiki, kulemera kumaulula: mpeni wa kamchira kakafupi umapepuka kumbuyo n'kulemera kutsogolo. Maginito a mu sipika ya wailesi yakufa amathandizanso. Akayendetsedwa pa chigwiriro amakoka pomwe pali chitsulo mkati, n'kusiya kukoka pomwe chathera. Mipeni ina yabwino ya ophera nyama ili ndi chigwiriro cha pulasitiki chokuta chitsulo chonse, choncho kubisika pakokha si mlandu. Mlandu ndi chitsulo chothera pafupi ndi khosi. Pomaliza, wogula agwire chitsulo ndi nsalu, chigwiriro ndi dzanja lina, n'kuyesa kupotoza pang'ono. Mpeni wogwedera uli watsopano sudzalimba utakalamba.

Chigwiriro chikhalenso chokwana m'dzanja, chokhala ndi kabondo kapena kamlomo kotchinga chala kuti chisatsetserekere kukamwa kwa mpeni. Pulasitiki wosalala ngati galasi amakongola m'sitolo, koma m'dzanja lonyowa ndi mlamba amaterera ngati sopo.

Kenako chitsulo chenichenicho. Pa msika pamapezeka mitundu iwiri. Woyamba ndi uja wonyezimira wolembedwa kuti stainless steel. Chitsulo chimenechi chimasakanizidwa ndi chromium wosachepera magawo 10 ndi theka pa 100 alionse, ndipo n'chifukwa chake sichichita dzimbiri msanga. Mawu olembedwawo akungolonjeza zimenezo basi. Sakunena kuti mpeniwo uzidula, kapena kuti ukanoledwa ukhalitsa. Masipuni ndi mapoto ambiri ndi a stainless steel, koma palibe anasendapo mbuzi ndi sipuni. Apanso maginito aja ndi mboni. Chitsulo cha stainless choyenera mpeni chimakokedwa ndi maginito. Chomwe sichikokedwa kawirikawiri chimakhala cha mtundu wa masipuni, chomwe sichiumitsidwa ndi moto ndipo chimabuntha pa kabichi woyamba. Komabe kukokedwa ndi maginito si umboni woti mpeni ndi wabwino, kumangochotsa oipitsitsa pa mndandanda.

Mtundu wachiwiri ndi chitsulo chakuda, cha carbon, chomwe chimachita dzimbiri chikasiyidwa chonyowa. Anthu ambiri amachinyoza chifukwa cha maonekedwe, komatu chimanoleka mosavuta pa mwala wamba ndipo chimathwa kwambiri. Pakapita masabata angapo chimada chokha, ndipo kudako si litsiro, kumathandiza kuchitchinjiriza ku dzimbiri lofiira lija. Chimangofuna kutsukidwa, kupukutidwa ndi kupakidwa kadontho ka mafuta ophikira madzulo aliwonse.

Kusankha pakati pa ziwirizi kutengere katundu wa pa benchi. Wogulitsa chinanazi cha ku Mulanje, mandimu, mapapaya kapena mavwende odula asayandikire chitsulo chakuda, chifukwa madzi owawasa a zipatso amachidya, ndipo chimadetsa chipatso n'kusiyamo kakomedwe ka chitsulo. Wotumbula chambo tsiku lonse, manja ndi mpeni zili m'madzi, naye apite ku stainless. Koma wosenda mbuzi, wa kanyenya, wodula chinangwa, nzimbe, zingwe ndi matumba, chitsulo chakuda chimamutumikira bwino ndipo nthawi zambiri pa mtengo wotsikirapo.

Pamenepa mpamene amisiri osula zitsulo akuyenera kupatsidwa ulemu womwe amalonda ambiri amawamana. M'misika ya m'midzi ndi m'mbali mwa misika ya m'tauni muli osula nkhwangwa, makasu, zikwanje ndi mipeni kuchokera ku zitsulo zakale. Masipiling'i a galimoto, matupa otha ndi masowo akale ndi chitsulo chabwino kwambiri, chomwe chinapangidwa kuti chipirire nkhanza zoposa za pa benchi. Mpeni wosulidwa bwino kuchokera ku sipiling'i ukhoza kugwira ntchito zaka zambiri mpaka kupyapyala ndi kunoledwa. Mtengo wake suyembekezera ndalama zakunja. Chachikulu n'chakuti wosulayo ali ndi malo ake. Chigwiriro chikathyoka amaikapo china, ndipo mpeni ukakhala woipa pali munthu wokamufunsa. Mnyamata woyenda ndi mipeni m'basiketi mawa ali kudera lina.

Izi sizikutanthauza kuti mpeni uliwonse wochokera pa moto wa makala ndi wabwino. Ena amasula kuchokera ku zitsulo zomangira nyumba kapena ku mgolo wakale, zomwe n'zofewa ndipo sizigwira kuthwa ngakhale zitanoledwa tsiku lonse. Ena chitsulo amapeza chabwino koma amalakwitsa poumitsa. Mpeni umayenera kutenthedwa mpaka kufiira, kumizidwa m'mafuta kapena m'madzi kuti uume, kenako kufunditsidwanso pang'ono kuti usakhale wothetheka. Wodumpha gawo lomalizali amagulitsa mpeni wobenthuka ukangogunda fupa. Wodumpha lapakati amagulitsa mpeni wopindika kukamwa. Wogula afunse mosachita manyazi kuti chitsulocho chinali chiyani, ndipo apemphe kupalapo ndi tupa chakukamwa. Chitsulo choumitsidwa bwino sichidyeka msanga, chimangolira n'kupalika pang'ono. Chofewa chimadyeka ngati msomali. Mmisiri wodziwa ntchito yake sakwiya ndi mayeso amenewa. Nthawi zambiri amayamba yekha kudula pepala kapena kumeta ubweya wa pamkono kuti wogula aone.

Vuto lina la mipeni yosula ndi kunenepa. Yambiri imakhala yochindikala kumsana moti imang'amba mbatatesi ndi anyezi m'malo modula. Wa zamasamba ndi wa tchipisi apemphe wopyapyala, wa mamilimita awiri kapena kuchepera apo. Kutalika kwa mpeni wa ntchito zosiyanasiyana kukhale masentimita 15 mpaka 20, kutanthauza pafupifupi dzanja lotambasula kuchokera ku chala chachikulu kufika ku chaching'ono. Wautali kuposa apo umatopetsa mkono ndi kuopseza makasitomala. Wa mano ngati sowo usiyidwe kwa odula buledi, chifukwa ukabuntha sunoleka pa mwala.

Za mayina olembedwa pa chitsulo, wogula asatengeke. Alipo makampani odziwika ndi mipeni yabwino, monga Tramontina ya ku Brazil ndi Victorinox ya ku Switzerland, ndipo amene wapeza weniweni pa mtengo womwe angaufikire sanalakwitse. Koma dzina lotchuka ndi lomwe limakopa okopera, ndipo kudinda mawu oti Germany kapena Japan pa chitsulo n'kosavuta. Dzina lalikulu pa mtengo wofanana ndi wa mulu wa tomato likhale chenjezo. Chimodzimodzi mabokosi a mipeni isanu kapena isanu ndi umodzi yamitundumitundu yopakidwa utoto: chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Utoto umasupuka n'kulowa m'chakudya, ndipo pa mipeni yonseyo wamalonda amagwiritsa ntchito umodzi. Ndalama ya bokosi lonse ikanagula mpeni umodzi wolimba. Pa kaunjika wa ziwiya za m'khitchini nthawi zina pamapezeka mipeni yakale yabwino, yobuntha chabe, yomwe anthu amaidutsa chifukwa sinyezimira.

Pali mawu omwe wa mpamba wochepa anganene, ndipo ndi omveka: ndalama ya mpeni wa mtengo wapakati ndi ndalama ya katundu wa mawa. Woyamba kumene geni ndi ndowa imodzi ya mbatatesi sangaike theka la mpamba pa chida chimodzi, ndipo kutenga katapila chifukwa cha mpeni kungakhale kupusa. Wotere agule wotchipa ndithu, koma wotchipa wosankhidwa: wopyapyala, wosagwedera, wokokedwa ndi maginito, wopanda utoto. Mipeni yopyapyala yotchipa ina imabuntha msanga koma imanolekanso msanga, ndipo kwa wa zamasamba imakwanira. Woyenera ugulidwe geni ikayamba kupuma, kapena pa gawo la ku banki m'khonde. Choipa n'kukhala zaka zisanu pa mpeni wongoyambira, phindu likupita kudzala limodzi ndi makoko.

Mpeni wabwino umaphedwanso ndi mwini wake, ndipo njira zake n'zodziwika. Yoyamba ndi fupa. Mpeni si chikwanje. Mang'ina, nthiti ndi mutu wa mbuzi zili ndi chikwanje ndi nkhwangwa zake. Yachiwiri ndi podulira. Kudulira pa chiwaya, pa lata, pa mbale yachitsulo kapena pa simenti kumabunthitsa mpeni uliwonse nthawi yomweyo, ngakhale utakhala wodula bwanji. Thabwa kapena chipika ndiye podulira.

Yachitatu ndi yomwe ambiri amaiona ngati chithandizo: kupita nawo mpeni kwa owotcherera zitsulo kuti akaunole pa galayindala ya magetsi. Makinawa amathamanga kwambiri ndipo amatenthetsa kukamwa kwa mpeni komwe n'kopyapyala. Chitsulo chikasintha mtundu n'kuoneka chabuluu m'mphepete, ndiye kuti chafika pa kutentha kwa pafupifupi madigiri 300 ndipo kuuma kuja kwachoka. Mpeni umabwerako wakuthwa tsiku limenelo, mawa lake n'kubuntha, mwini wake n'kumati unali wachinyengo. Galayindala imadyanso chitsulo chochuluka, moti mpeni woti ukhale zaka umasanduka lisungwi m'miyezi yochepa. Ngati mpeni wabenthuka kwambiri ndipo palibe kuchitira mwina, wonolayo azikhudza pang'onopang'ono ndi kumauviika m'madzi pafupipafupi.

Mwala wonolera wa mbali ziwiri, ina yokhakhala ina yosalala, umapezeka m'masitolo ogulitsa zipangizo zomangira, ndipo umodzi umatha zaka. Amalonda atatu kapena anayi oyandikana akhoza kusonkherana. Kanoledwe kake n'kosavuta. Mpeni ukaimikidwa chilili pa mwala ndi madigiri 90. Ukapendekedwa theka ndi 45. Theka la thekalo ndi pafupifupi 22, ndipo pamenepo mpoyenera mpeni wa ntchito za pamsika. Mwala unyowetsedwe, mbali imodzi inoledwe mpaka kamlomo kakang'ono ka chitsulo kamveke ndi chala kumbali inayo, kenako atembenuze. Mbali yosalala ndi yomalizira. Masana mpeni ukayamba kufooka, mkombero wosapakidwa wa pansi pa kapu yadothi umaudzutsa pokhudza kangapo chabe. Simenti ya pakhonde imanola ndithu, koma imakanda ndi kudya chitsulo mosasankha, komanso ndi pomwe pamapondedwa ndi nsapato za msika wonse.

Mfundo ya ukhondoyi si yaing'ono. Mliri wa kolera wa 2022 ndi 2023 unapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo ogulitsa zakudya akukumbukira momwe malonda anavutira nthawi imeneyo. Mpeni wonoledwa pansi n'kudula chinanazi chodyedwa pomwepo ndi ngozi. Chigwiriro chong'aluka kapena chokulungidwa malegeni chimasunga magazi ndi zotsalira zomwe sopo safikako, ndipo fungo lake limamveka kwa kasitomala ngakhale mwini wake atalizolowera. Wogulitsa zaziwisi ndi zopsa pamodzi, monga wa kanyenya yemwe amadulanso tomato ndi anyezi wa saladi, akhale ndi mipeni iwiri yosiyana zigwiriro kuti isasokonezeke.

Mpeni wosapinda umafunanso chimake. Chidutswa cha paipi ya pulasitiki, chikopa kapena katoni yochindikala yomangidwa bwino zimakwanira. Popita ndi pobwera ku msika ukhale pansi pa dengu limodzi ndi ziwiya zina za ntchito, osati m'thumba la thalauza kapena m'chiuno. Mu minibasi yodzaza mpeni wosavala umang'amba katundu wa anthu, ndipo munthu wopezeka nawo m'chiuno pa msewu usiku amakhala ndi zambiri zofotokoza.

Chotsala ndi anansi. Pamsika mpeni wakuthwa umadziwika msanga, ndipo sipatenga sabata kuti mawu oti "Achimwene, tandibwerekaniko kampeni kanu" kapena "Amayi, ndingodulira kamodzi" ayambe kumveka. Kukana n'kovuta kwa anthu osungirana benchi wina akapita kokadya. Koma wobwereka ndi amene amatsegulira chitini, kudulira waya ndi kuwaza fupa, ndipo nthawi zina mpeni umayenda mabenchi anayi osabwerera. Watsopano ulembedwe chizindikiro pa chigwiriro ndi msomali wotentha, uzikhala kumbali ya mwini wake ya benchi. Wakale uja, womangidwa ndi waya, usatayidwe. Utsukidwe bwino n'kuikidwa poonekera, ndipo wobwereka aliyense azipatsidwa umenewo.